Besi Yopanda Mutu

Ine Iness, pautali ndinamanidwa. Ndikaima pafupi ndi njinga, chishalo chimandifika m'nthiti. Ndiye taganizani, munthu wotero kwaya n'kumusankha kuti aziimba gitala ya besi!

Woimba besi wathu, a Malcolm, anapita ku Joni ndi gitala yawo yomwe, kwaya yathu ya kwa Kanduku n'kutsala ngati ndiwo zopanda mchere. Amayi anzanga anati, "Iness ali ndi mawu apansi, aiphunzira msanga." Ngati kuti mawu apakhosi amatsikira ku zala! Ndinakanakana, koma ndisaname, mumtima ndinkafuna. Vuto linali lakuti gitala ndinali ndisanaigwirepo chibadwire.

Chaka chake n'chija kunabuka mphekesera za anamapopa. Wailesi inkanena za ku Mulanje ndi ku Phalombe, kuti anthu akuphedwa pongoganiziridwa kuti amapopa anzawo magazi. Ife tinkaziona ngati zakutali, moti tsiku limene ndinatumidwa ku boma kukasankha gitala sindinaziganizire n'komwe.

Ndinafikira m'sitolo ya a Hamdan, amene amagulitsa mawailesi ndi zoimbira zimene madalaivala a matiraki amabwera nazo kuchokera kunja. Ananditsitsira besi yaikulu yofiira, yokongola zedi. Nditaikoleka paphewa ndinadzandira.

"Mayi, mwaikoleka ndinu kapena yakukolekani ndi iyo?" anaseka a Hamdan. "Kodi muziimbira kuti?"

"M'mipingo yathu ya kumapiri, bambo. Timayenda pa njinga, pena wapansi, kuwoloka mitsinje."

"Ndiye iyi ikuphani. Tadikirani."

Anatulutsa kachikwama kakuda, kakatali, kopyapyala. M'katimo munali chinthu chimene ndikanachipeza panjira sindikanachitcha gitala. Thupi lake linali kathabwa kakuda, ndipo kumapeto kwa khosi kunalibe mutu wokhala ndi zomangira zingwe, kunangodulidwa basi.

"Iyi ndi besi ya apaulendo," anatero a Hamdan. "Tambasulani zala. Mwaona, zikufika. Khosi lake ndi lowongoka, silinapindike. Munthu woyamba kumene asamasankhe ndi maso, azisankha ndi phewa ndi zala."

Inali yopepuka ngati mwana wakhanda. Anandipatsanso kasipika ka mabatire ndi waya wolumikizira, n'kundionetsa polowetsa. Nditakodola chingwe chimodzi, mawu anandigunda m'mimba. Ndinaikonda pomwepo.

Pobwerera ndinakwera kabaza ya mnyamata wina wandevu, Kinsley, amene sitinkadziwana. Ndinabereka chikwama kumsana, kasipika pamiyendo. Titayenda ndithu mumsewu wa ku Thambani, iye anati tidule kudzera kanjira ka m'mudzi wina kumene ndinali ndisanapondeko. Dzuwa linali pamutu, njira ili zii, popanda ngakhale mwana wothamangitsa mbuzi.

Pokhota tinapeza chipika chagonekedwa pakati pa njira. Amuna anatuluka m'tchire ndi zibonga ndi zikwanje, kumbuyo kwawo amayi, ena miyala ili m'manja.

"Tsikani!" anakuwa wamkulu wawo, amene ankamutchula kuti Petro. "Mwanyamula chiyani?"

"Gitala, bambo. Ya kwaya."

"Gitala imakhala choncho? Tsekulani!"

Zipi inandikanika. Wina anandilanda chikwama n'kukhuthulira zonse pansi. Anthu anabwerera m'mbuyo nthawi imodzi.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina. "Ndi yomweyo mashini yake! Usiku wathawu apopa mlamu wanga, wadzuka thupi lili lefu!"

Petro anatola waya uja n'kuonetsa anthu kansonga kake kachitsulo konyezimira. "Nayi jekeseni yake. Gitala ya kuti yopanda mutu, yopanda bowo pamimba? Mukutiyesa ana?"

Ndinakumbukira besi yofiira ija, imene ngakhale mwana wa sitandade wani akanaizindikira. Ndinatembenukira kwa Kinsley kuti andiikire umboni. Iye anali atakweza kale manja.

"Ine ndangowanyamula pa boma, sindikuwadziwa," anatero. Sankanama, koma mawu amenewo anandisiya ndekhandekha.

Ndinatchula mudzi wathu, abusa athu, amalume anga. Palibe amene ankamva. Ndinaona mnyamata akubwera chothamanga ndi kachigubu, ndipo fungo la petulo linandifika iye asanafike. Abale inu, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Maganizo onse anali pa ana anga awiri amene ndinawasiya kwa achemwali.

"Chabwino," anatero Petro. "Ngati ndi gitala, imbani timve."

Apa ndiye panagona nkhani. Ndiimbe chiyani ine wongoigula lero? Ndinaitola, n'kukodola zingwe. Koma besi yamagetsi ikakhala yosalumikiza imangonong'ona, ndipo m'phokoso limenelo simunamveke kanthu.

"Siikulira! Mwaona? Siikulira!"

"Imafuna sipika," ndinatero ndikulira. "Ndiloleni ndilumikize."

Ndinagwada, ndinalowetsa waya, ndinayatsa. Kanyali kofiira kanawala, kasipika n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi.

"Wayamba kupopa! Gwirani ana!"

Mwala unandimenya paphewa, wina unaphwanya kasipika. Ndinagwa chammbali, fumbi m'kamwa. Dzanja lina linandigwira mpango, lina linandikoka mwendo. Ndinamva madzi ozizira akundithirikira pachitenje, ndipo sanali madzi.

Sindidziwa kumene mawu anachokera, koma ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa. "Iswani! Iswani muone! Mukapezamo ngakhale kadontho ka magazi, mundiotche, sindithawa!"

Anthu anayamba kukangana. Ena ankati ndikufuna kuwapusitsa, ena ankati palibe choipa kuona kaye. Petro anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitanitsa nkhwangwa. Anagoneka besi yanga pachipika paja. Amayi anabisa nkhope, poopa kuti magazi awathovukira.

Nkhwangwa yoyamba inadula khosi, zingwe n'kulira kwii. Yachiwiri inang'amba thupi pakati. Petro anatokosa m'katimo ndi chikwanje, anagwedeza zidutswa, ananunkhiza. Munali thabwa louma ndi timawaya tingapo basi.

Ndinamva miyala ikugwetsedwa pansi umodziumodzi. Mayi wonena za mlamu uja anayamba kukonza chitenje chake ngati sanali iye.

"Pitani," anatero Petro osandiyang'ana. "Nanunso muziyenda ndi zinthu zodziwika. Nthawi ino ndi yoipa."

Kupepesa kwake kunali komweko. Kinsley ndi njinga yake anali atazimiririka kalekale. Ndinadzuka, ndinayamba kuyenda, chitenje chikununkha petulo. Sindinacheuke, ndinkaopa kuti ndikacheuka asintha maganizo.

Nditafika pakamtsinje ndinamva mapazi kumbuyo. Ndinati basi abwera kudzamaliza. Anali bambo mmodzi wa imvi zapatalipatali, wovala jekete yotuwa. Ndinamukumbukira, anali ataima patsogolo penipeni pa gulu lija, manja ali kumbuyo.

"Mayi, musathawe," anatero chapansipansi, akuyang'ana uku ndi uku. "Tengani izi."

Zinali zingwe zinayi za besi ija. Anali atazikulunga bwinobwino mozungulira, chilichonse pachokha, mmene munthu wosazidziwa sangakulungire.

"Zikadali zabwino, musazitaye," anatero. "Munasankha bwino. Ine ndinaimbapo besi ku Tete, m'bandi, ndili mnyamata. Atangokhuthula chikwama chija ndinaizindikira."

Ndinamuyang'ana, mkwiyo ukundikwera mpaka m'makutu.

"Munaizindikira? Bambo inu, anandithira petulo inu mukuona! Bwanji simunanene? Bwanji simunaitenge n'kuimba?"

Anaweramitsa mutu.

"Akanati ndine mnzanu," anatero. "Inu mukupita kwanu, mayi. Ine ndi ana anga tigona m'mudzi momwemo."