Mafoloko a Ababa

"Mwanayu sapita."

"Apita, alamu. Ine ndinavomera kale."

"Munavomera kwa yani?"

"Kwa mwanayo mwini wake. Anabwera kwathu, anagwada, anapempha. Nanga mbumbayi ndi ya yani?"

Amene ankakanganawo anali ababa, a Jeremiya, ndi atsibweni a Lemani, alongo awo a amayi. Anali pansi pa chigafa chathu, chimene chinangotsala mitengo yokhayokha poti fodya anali atapita kale ku okushoni. Mwana ankanenedwayo ndinali ine, Elube, ndipo ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi lichero m'manja, kunamizira kupeta.

"Nazale athirira ndani ndi dzuwa limeneli?" anafunsa ababa. "Makuponi akabwera, pamzere wa feteleza ku Santhe akaima ndani? Ine ndi bondo langali?"

"Iii, alamu, mukuyankhula ngati mwana akukakwatiwa ku Dar es Salaam. Akukathandiza amayi Rahila kuoda zitenje, basi. Mvula isanagwe akhala atabwera."

"Ndati sapita."

Atsibweni anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Alamu, inu pamudzi pano munabwera kudzakwatira. Za kumunda sitikulowererani. Koma za ana..."

Sanamalize. Ababa anatola keni yawo yothirira n'kutsetserekera kudambo, galu wathu Mphepo ali pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyankhula.

Ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 4, ndipo masiku odikira zotsatira ankandilemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Kwathu kuno dziko ndi lathyathyathya. Ukaima pachulu umaona minda, zigafa, minda ina, mpaka pamene thambo lagwera pansi, ndipo ine kuyambira ndili wamng'ono ndinkafuna kudziwa chimene chili kuseri kwa pamenepo. Tsono amayi Rahila, amene ali ndi golosale ndi sitolo ya nsalu pa Santhe, atanena kuti akufuna mtsikana wa miyendo yopepuka woti apite naye ku Tanzania, mtima wanga unanyamuka tsiku lomwelo, thupi lokha n'kutsala. Ndinkaona nyanja yamchere ndikatseka maso. Ndinkaona sitima zikuluzikulu, ndi ine nditaima m'mphepete, mphepo ikukupiza chitenje changa, wina wake wosamudziwa akundiyang'ana chapatali.

Ndinachita zimene mwana aliyense wa pamudzi pathu amachita pa nkhani yaikulu: ndinapita kwa atsibweni. Iwo ndiwo anavomera, iwo ndiwo anandiperekeza kokatenga chiphaso. Ababa anamvera kwa amayi, zonse zitatha kale.

"Kupita upita," anatero amayi, a Malita, madzulo a tsiku la mkanganolo. "Koma usachoke pakhomo pano bambo ako asanakuyankhe potsanzika. Ukapita choncho, ngakhale ukaone nyanjayo, sudzaiona bwino."

"Nanga akapanda kundiyankha?"

"Uwachititse kuti ayankhe. Ndi bambo ako, si anga."

Ine nthawi yonyengerera munthu ndinalibe. Masana aliwonse, ndikamaliza kuthirira, ndinkathamangira ku Santhe kukakhala pa thumba la mchere m'sitolo ya amayi Rahila, iwo akundiphunzitsa ulendo.

"Tamvera, iwe wa maso olota," ankatero. "Basi ikaima kuti anthu adye, usathamangire pamene pali mipando yokongola. Yang'ana pamene padzaza madalaivala ndi amayi a ana. Pamalo podzaza chakudya sichigonera."

"Nanga nyanja tidzaiona tsiku loyamba?"

"Nyanja sithawa. Mtengo funsa usanadye, osati mbale ili mbee. Madzi gula a m'botolo, chotsekera uthyole wekha."

"Muuzeninso za tsabola," analowerera amuna awo, a Abbasi, ali pa sikelo. "Ine ulendo woyamba ndinathira ngati wa kuno. Anthu anayamba kundipepesa, ankayesa ndalandira uthenga wa maliro."

"Inu munkalirira mtengo wa mpunga wa pilawu, osati tsabola," anayankha amayi Rahila osawayang'ana n'komwe. Anatembenukiranso kwa ine. "Chipinda usalipire usanachione. Lowa, yesa loko, tsegula mpopi, tambasula neti uone ngati ilibe mabowo. Pamwamba pa zofunda zawo uyale chitenje chako. Ndipo nyumba yogona yoyandikana kwambiri ndi depoti ya basi, ayi. Phokoso lake sugona."

"Nanga kukaona malo?"

"M'mamawa, dzuwa lisanakwiye, chifukwa kumeneko kumatentha kuposa kuno. Chikwama kutsogolo, osati kumsana. Ukaona nyumba zitalizitali usaime pakati pa njira kukamwa kuli yasa. Ukasochera funsa mayi wogulitsa malonda atakhala pansi, osati mnyamata wongoyendayenda. Koma uyambe ndi moni wa Chiswahili. Munthu ukamulonjera m'chinenero chake amakulozera njira yoona."

Ndinkabwerera kumudzi ndikubwereza mawu amenewa ngati nyimbo ya kwaya. Ndinafunsanso ena. Ndinafunsa aphunzitsi a Fainala amene anapitako ku Zambia ndi a Mvano. Ndinafunsa ngakhale kondakitala wa minibasi za mmene amachitira pachipata cha Songwe. Aliyense amene phazi lake linapondapo kunja kwa Malawi ndinamufunsa.

Kudambo kokha n'kumene kunali zii. Ine ndi ababa tinkathirira nazale m'mawa uliwonse, iwo mbali iyi, ine mbali iyo, timbewu ta fodya tikusuzumira pansi pa udzu wophimbira. Sankandiyankhula, koma anayamba kuyankhula ndi galu.

"Mphepo," anatero tsiku lina akutunga madzi pachitsime, "iwe ukadzapita kunja, ukalowa m'chipinda uyambe wanyamula matiresi. Nsikidzi zimabisala mumsoko. Bedi loyera pamwamba lisakunamize."

Mphepo anagwedeza mchira.

Tsiku lotsatira: "Mphepo, patebulo foloko imakhala kumanzere, mpeni kumanja. Ukamaliza kudya uziike pamodzi pakati pa mbale. Ukazisiya motalikirana, woperekera zakudya amayesa ukadali kudya, ndiye amangoima kukudikira, miyendo ikumuwawa."

Ndinapsa mtima. Ndinaona ngati akundinyoza, kundiyerekeza ndi galu woti sadzapita kulikonse. Titafika kunyumba ndinauza amayi mokweza, kuti mawu akafike pakhonde:

"Amayi Rahila akuti ku Dar anthu amadya ndi manja ngati ife tomwe. Za mafoloko n'zakale."

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija limene amayang'ana nalo mwana woswa mtsuko.

Zoti ababa anakhalako ku Harare ndinkazidziwa, monga mmene aliyense pamudzi ankazidziwira. Anapita ali mnyamata, anagwira ntchito yoperekera zakudya m'hotela, anabwerako tsitsi litayamba kuchepa, n'kudzakwatira amayi. Anzawo pa bawo ankawatcha mtchona. Koma kwa ine zimenezo zinali ngati nkhani za m'Chipangano Chakale, zinthu zoti zinachitika ine kulibe. Ababa amene ndinkawadziwa anali a zikhatho zakuda ndi utomoni wa fodya, a bondo lotupa, odandaula za feteleza chaka ndi chaka. Sindinkatha kuwaona atavala jekete loyera.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, ndinawapeza masana atakhala pakhonde, sutikesi yawo yachitsulo ili yotsegula pambali. Ankatsuka mafoloko awiri, mpeni ndi sipuni ndi phulusa, pang'onopang'ono, dzino lililonse la foloko palokha. Atamaliza anayala kansalu koyera pa mpando wandalema n'kuziika bwinobwino, iyi kumanzere, uwu kumanja. Pafupi nawo panali kampando kena kopanda munthu.

Ndinkathamangira ku Santhe kukamaliza kuphunzira moni. Podutsa ndinamva akukhosomola.

"Ndachedwa," ndinatero, osauza munthu weniweni, ndipo ndinapitirira.

Pobwerako dzuwa linali litapendeka. Pakhonde panalibe kansalu, panalibe mafoloko, sutikesi inali itabwerera pansi pa bedi. Ababa anali pabwalo akumata chubu cha njinga. Ndinapita n'kugwada patsogolo pawo.

"Ababa, mawa ndinyamuka. Ndabwera kudzatsanzika."

Anaviika chubu m'beseni, kuyang'ana pamene pakutuluka thovu.

"Ababa."

Anapukuta chubucho ndi malaya. Ndinakhala chigwadire mpaka maondo anachita dzanzi. Nkhuku zinalowa m'khola. Amayi anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, kenaka analowanso. Pomaliza ndinadzuka ndekha. Ndinalumbira chamumtima kuti ndipita basi, ayankhe asayankhe. Koma nditatseka maso kuti ndione nyanja yanga ija, sinabwere. Ndinkangoona msana wa ababa utawerama pa beseni.

M'mawa ndinasamba, ndinavala, amayi anandimangira kamba wa mtedza wokazinga ndi mbatata zootcha. Nditafuna chikwama changa sindinachipeze. Chinali panja, chitamangidwa kale ndi mphira pa kaliyala ya njinga, ababa atagwira mahandulo, atavala malaya awo a kutchalitchi.

Sanakwere. Ankangoikankha njingayo, akutsimphina, ine ndili pambuyo, Mphepo pambuyo pa ine. Tinadutsa minda yogalauzidwa kale, mizere ili mbuu kudikira mvula, apa ndi apo zitsa za fodya wa chaka chatha. Tinadutsa amayi ochokera kumjigo, amene anatipatsa moni, ababa n'kuwayankha bwinobwino. Ine ndekha ndiye sankandiyankha. Ndinkayang'ana chidendene chawo chong'ambika chikutuluka mu nsapato, ndipo mawu onse a Chiswahili amene ndinaloweza anandithawa.

Malata a Santhe atayamba kunyezimira, ndinaona minibasi itaima pafupi ndi sitolo, amayi Rahila akukweza zikwama, dzanja lina likundikodola. Kondakitala ankamenya chitseko. Pamenepo ndinagwira kaliyala ya njinga ndi manja onse awiri, njinga n'kuima.

"Sindikwera," ndinatero. "Musanandiyankhe sindikwera. Mukondwe, nazale wanu ndithirira, pamzere wa feteleza ndikaima. Si zimene mumafuna?"

Ababa anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mthethe. Anayamba kumasula mphira uja mosafulumira, n'kuupinda, n'kuuika m'thumba. Anatsitsa chikwama, anachipukuta fumbi, anandipachika paphewa n'kuchikokera kutsogolo, monga mmene amayi Rahila ananenera.

"Uyende bwino, mwana wanga," anatero. Mawu awo anali osasa ngati a munthu amene wangodzuka. "Mulungu akutsogolere. Nazale ndithirira ndi amako. Pamzere akaima atsibweni ako, poti mbumba ndi yawo."

Ndinayembekeza kuti mtima upepuka, koma m'malo mwake misozi inangotsika.

"Nanga bwanji masiku onsewa? Ndinalakwa chiyani? Ndinapita kwa atsibweni monga mwa mwambo. Ndinagwada. Kodi mumafuna chiyani kwenikweni, ababa?"

Minibasi inaliza hutala. Ababa anayang'ana kumeneko, kenaka anayang'ana pansi, pamene Mphepo anagona lilime lili panja.

"Sunalakwe," anatero. "Chilolezo n'cha atsibweni ako. Ndinazidziwa zimenezo tsiku limene ndinamanga nyumba pamudzi pa amako, ndipo sindinadandaulepo. Koma ine ndinanyamula mbale m'dziko la eni unyamata wanga wonse. Ndinagonapo m'madepoti, ndinalumidwapo ndi nsikidzi za mayiko atatu. Nditabwera kuno panalibe wofuna kumva, ndiye ndinazitsekera mu sutikesi. Ndinkati mwina tsiku lina mwana wanga adzapita kunja."

Anawerama n'kusisita Mphepo pamutu.

"Ndikudziwa kuti zambiri zinasintha. Mwina zonse ndikudziwazo n'zakale, monga unanenera. Koma unafunsa amayi Rahila, unafunsa aphunzitsi, unafunsa mpaka kondakitala uyo akumenya chitsekoyo. Ine ndinayala mafoloko pakhonde, ndinakuikira mpando. Sindinkafuna kuti ukhale, Elube. Ndinkangofuna undifunse."