Piritsi la m'Kapepala

Ku saluni ankamutchula Chipeso, chifukwa sichinkachoka m'tsitsi mwake ngakhale akudya. Mwana wake anali asanayambe kuyenda, ndipo anabadwa movuta, mwa opaleshoni. Dokotala sanabise mawu: "Chilonda cha m'kati chimachedwa kupola. Mukatenga mimba ina msanga, mwina sitidzakupulumutsani."

Ndiye kondomu itang'ambika, Chipeso sanadikire. Anali atamva kwa anamwino kuti kuli mapiritsi olera a pangozi, oyenera kumwa msanga, makamaka masiku atatu asanathe. Koma m'mawa umenewo mkwatibwi anali atakhala kale pampando, mutu theka wolukidwa, ndipo mkwatibwi samusiya chonchi. Anatuma mwamuna wake, dalaivala wa lole yonyamula zakumwa.

Bamboyo anabwera masana, akupukuta thukuta, n'kumukokera kuseri kwa makina oumitsira tsitsi.

"Ndi lodula ngati golide, mayi a mwana. Kapiritsi kamodzi basi!"

"Nanga kabokosi kake?"

"Ndataya. Ukufuna anzakowa awerenge?"

Chipeso anaona kuti n'zanzeru. Anamasula kapepala kamene piritsilo linakulungidwamo, n'kumeza, n'kumuthokoza ndi mtima wonse. Mwamuna wotero, anaganiza, ena amangomumvera kwa anzawo.

Anadikira nseru, sinabwere. Mutu sunawawe, chizungulire ayi. Mpaka anadzitama kwa mnzake womata zikhadabo kuti thupi lake ndi la chitsulo. Msambo utachedwa sanade nkhawa, poti anamwino ananena kuti mapiritsiwo amatha kusokoneza masiku. Nseru ija inadzafika mochedwa, tsiku lina akupaka kasitomala mankhwala owongola tsitsi, ndipo inafika ndi katundu wake yense. Kachipangizo koyezera mimba kanaonetsa mizere iwiri.

Anapita ku famase ya pakona atapsa mtima, epuloni ili m'chiuno. Mayi wa m'famasemo anali kasitomala wake, wokonda malukidwe ang'onoang'ono otopetsa zala.

"Asisi, mwayamba kugulitsa choko?" anatero Chipeso. "Piritsi lanu lija silinagwire ntchito!"

Mayiyo anamulowetsa mkati, pakati pa makatoni. Anafotokoza modekha kuti nthawi zina limalephera ndithu, makamaka ukachedwa kumwa kapena ukasanza. Kenako anafunsa kuti analigula liti.

"Anadzagula ndi bambo a kunyumba."

Mayi uja anayang'ana pansi.

"Anabweradi," anatero. "Anafunsa mtengo, ndinawaonetsa, analiyang'anitsitsa n'kundibwezera. Ndinawauzanso kuti ngati ndalama zavuta apite kuchipatala. Iwo anapempha mavitamini amene timapatsa amayi ofuna kutenga mimba. Limodzi lokha. Ndinaseka, chifukwa palibe amene amagula limodzi. Anati mukufuna mwana wachiwiri."

Chipeso anakhala pa katoni. Chimene chinamuwawa kwambiri chinali zikomo uja. Tsiku lija anamuthokoza mwamunayo, madzulo ake n'kumusitira malaya akuimba!

Anamupeza mwamuna wake kunyumba atavula nsapato, mwana ali pamwendo, akumuseweretsa ndi makiyi a lole. Chipeso sanakuwe. Anaika kachipangizo kaja pa tebulo.

"Munandimwetsa chiyani?"

Bamboyo anayang'ana mizere ija, ndipo nkhope yake inawala asanakumbuke kuibisa.

"Usatero, mayi a mwana. Madokotala amangoopseza. Akazi angati abereka motsatizana ali bwinobwino? Komanso mapiritsi amenewo amati amaumitsa chiberekero."

"Amati ndani? Munalipo pamene dokotala ankalankhula. Munandigwira dzanja."

"Ine ndikukula. Mwana mmodzi ndi mwana?"

"Ndiye mukanandifunsa."

"Ukanakana."

Anayankha mosavutika, ngati akunena za nyengo. Chipeso anamva mantha enieni, ozizira, osati a opaleshoni okha, koma a kugona nyumba imodzi ndi munthu amene anayeza moyo wake n'kuona kuti ukhoza kuyeseredwa.

"Ndikawauza amayi anu," anatero Chipeso. "Amve zimene mwana wawo wachita."

Bamboyo anakanda m'khosi, n'kusuntha mwana kumuika pa mwendo wina.

"Akudziwa. Ndi amene anati ndikuuze kuti kabokosi ndataya."