Siwka Ankadziwa Kumanzere Kokha

Mpaka lero munthu akandifunsa kumene ndinabadwira, ndimayamba ndakanda m'mutu. Mudzi wa makolo anga unali m'chigawo cha mfumu ya ku Rasha. Mudzi umene ndinakwatiwako, ngakhale utsi wake tinkauona tili pakhomo, unali m'Galisiya, chigawo cha mfumu ya ku Viyena. Kwathu ngolo zinkayenda kumanja kwa msewu, kwa amuna anga kumanzere. Pakati panali chipata cha asilikali, ndipo ukadutsa pamenepo unkasintha mbali.

Nkhondo itatha mafumu onse awiri anagwa, ndipo tinauzidwa kuti tsopano ndife dziko limodzi, Polandi. Chisanu chitavuta anthu anazula chipata chija n'kusonkhera moto. Kungotha zaka zochepa, palibe ankakumbukira pamene chinaima.

Amuna anga a Onufry, amene ankanyamula mkaka wa mudzi wonse kupita nawo kopangira batala, ankati chinali pamtengo wa msondodzi. Mchimwene wanga Hipolit, wogulitsa kabichi, ankalumbira kuti chinali pamtanda wa pamphambano. Aliyense ankakankhira malire kutali ndi kwawo, choncho pakati pa mtengo ndi mtandawo ngolo zawo zinkakumana mphuno ndi mphuno. Tsiku lina ndili pangolo pomwepo zinagundanadi, mkaka khuthu, kabichi mbwee mumsewu.

"Alamu, mwalawira vodika m'mawa uno?" anakuwa Hipolit. "Pano ndi kumanja!"

"Kumanja kwa ndani? Mfumu yanu inafa kale!"

"Nanga yanuyo ili moyo?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. "Tekla, iwe unadutsa pano tsiku la ukwati wako," anatero Hipolit. "Tanena, chipata chinali pati?"

Ine ndikanadziwa bwanji? Tsiku limenelo ndinali nditafunda nsalu kumaso, ndikulira ngati mwana. Tinakafunsa abambo wansembe, iwo n'kungowonjezera chisokonezo. Anati kalekale mudzi wa amuna anga sunali wa Galisiya n'komwe, unali wa mzinda wa Krakufu pamene unkadzilamulira wokha. Tinabwerako mitu itaima, osadziwa ngakhale kuti agogo athu anali anthu a ndani.

Kenako boma linalamula kuti dziko lonse liziyenda kumanja. A Onufry anang'ung'udza, koma anavomera. Amene anakana ndi Siwka, kavalo wathu wamkazi wotuwa, yemwe anakalambira kumanzere. Ukangomasula zingwe pang'ono, iye uyo wawoloka msewu. Wapolisi anatigwira kawiri, ndipo mwini fakitale ya batala ananena mosabisa kuti zikachitikanso mkaka aupereka kwa wina. Wogulitsa nyama m'mudzimo anayamba kudutsa pakhomo pathu akumuyang'ana Siwka m'nthiti.

"Ameneyo sapanga soseji ndi kavalo wanga," anatero a Onufry. "Siwka anandikoka m'matope nthawi ya nkhondo, anthu atandithawa."

Tinayesa kumuphunzitsa, abale inu. Ine mayi wamkulu ndinkayenda kutsogolo kumanja kwa msewu nditanyamula karoti, ana a m'mudzi akundiseka. Siwka ankanditsatira bwinobwino, kudya karoti uja, kenako n'kubwerera kumanzere kwake. Ndinamutukwana, ndinamupempha, mpaka ndinamufotokozera kuti Galisiya kulibenso. Ankangondiyang'ana akutafuna.

Pamsika wa akavalo tinakumana ndi bambo wina wa Chisilovaki, dzina lake Matusz, wochokera kuseri kwa mapiri. Atamva vuto lathu anaseka.

"Vuto lake lili pati? Kwathu tikuyendabe kumanzere."

"Nanga si dziko lina limenelo?" ndinafunsa.

"Lero ndi lina, mayi. Dzana tinali ndi mfumu imodzi."

A Onufry anavula chipewa n'kukanda dazi. "Ndiye kuti amene tinkagwadira nawo mfumu imodzi asanduka alendo, a Hipolit ndiwo a kwathu? Ndipo kavalo wanga kuti akhale moyo ayenera kutuluka m'dziko, kupita kumene akuyenda ngati kwawo?"

Mapeto ake a Onufry anamugulitsa Siwka kwa Matusz. Anamusisita Siwka pakhosi nthawi yaitali, n'kumuuza Matusz kuti asamampatse madzi ozizira akatuluka thukuta. Siwka anapita osacheuka, ali m'mbali mwa msewu kumanzere, kwa nthawi yoyamba popanda womukalipira. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinalira anthu akuona.

Tinabwerera wapansi. A Onufry anali patsogolo, zingwe za Siwka zili paphewa, ndipo ndinaona kuti akuyenda kumanzere. Ndinawaitana kuti, "Bambo, mbali imeneyo siyo," koma sanandimve. Titadutsa pamtanda, kutsogolo kunatulukira ngolo ya Hipolit itadzaza kabichi, ikubwera molunjika iwo.

Hipolit anaimirira pangolo n'kutsegula pakamwa kuti akuwe monga mwa masiku onse. Kenako anaona zingwe zopanda kavalo zija. Anakhala pansi, anavula chipewa, n'kukokera kavalo wake kumanzere, nawadutsa alamu ake monga ankadutsirana a ku Galisiya.