Maliro a NyaKalua

Ofesi yathu ilibe chikwangwani pakhomo, ndipo dzina lake sinditchula. Mungodziwa kuti ndine Diana, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo mu June chaka chimenecho ananditumiza ku Chitimba kukagwira munthu yemwe anandiphunzitsa ntchito.

Manasseh Harawa anali kazitape weniweni, osati enafe ongotchena majekete. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankalondola gulu lozembetsa anthu kudzera panyanja, ndipo ndi iye ankasunga mayina a anthu wamba omwe ankatitsina khutu: amayi ogulitsa usipa, makondakitala, mlonda wina wa pa depoti. Tsiku lina anangosowa, pamodzi ndi kafulashi ka pakompyuta komwe munali mayinawo. Patatha sabata ziwiri, mlonda uja anapezeka atafa m'ngalande. Manasseh anali atayamba kugulitsa mayina, limodzilimodzi.

Ndinapsa mtima mpaka kudwala. Koma ndisaname, ndinkamukondabe ngati mchimwene wanga wa bere limodzi.

Anabisala pa Kachirwa, kachilumba ka miyala yokhayokha komwe asodzi amamangapo misasa akamasaka usipa. Doko n'limodzi, ndipo boti lililonse limaoneka likadali kutali. Iye anali ndi mfuti, ali pakati pa asodzi makumi atatu osadziwa kanthu. Netiweki kulibe. Loweruka, ogula mayina aja anayenera kudzamutenga kupita naye tsidya lina.

"Likafika Lachisanu asanatuluke, nditumiza anyamata," anatero abwana pafoni. "Ukuwadziwa. Sagogoda."

"Ndimubweretsa wamoyo, bwana."

"Zamoyozo n'zako. Ine ndikufuna mayina."

Ndinakhala masiku atatu ku Chitimba nditamanga chitenje, ndikunenerera mitengo ya usipa ngati wamalonda, mutu uli kwina. Manasseh anandiphunzitsa yekha kuti munthu wobisala sumuthamangitsa, umamuitana ndi chinthu chomwe sangachikane. Ndipo chake ndinkachidziwa. Amayi ake, a NyaKalua, mphunzitsi wopuma ntchito ku Khondowe, pamwamba pa phiri. Munthu wouma mtima uja akayamba kukamba za amayi ake ankasanduka mwana wa sitandade wanu.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa a Laws Msowoya, mkulu wa mpingo yemwe boti lake la injini linkapititsa ufa ndi mchere ku Kachirwa. Anaphunzira limodzi ndi Manasseh ku pulayimale, ndipo ankaganiza kuti mnzawoyo akuthawa nkhani za ndale basi. Ndinagwada bwinobwino, nkhope nditaigwetsa.

"Ndachokera ku Khondowe, adada. A NyaKalua atisiya. Abale akuti mwina inu mukudziwa komwe kuli mwana wawo."

Anavula chipewa. Sanafunse kuti ndine yani. Munthu wobweretsa uthenga wa maliro safunsidwa chiphaso.

"Akuika liti?"

"Mawa m'mawa," ndinatero, kuti Manasseh asakhale ndi nthawi yoganiza.

A Laws anayang'ana kum'mwera nthawi yaitali. "Mwera ukubwera uwu, mama."

Ine ndinaona nyanja ili phee ngati madzi a m'beseni, ndipo mumtima ndinati nkhalamba iyi ndi yaulesi. "Ndiye fulumirani, adada," ndinatero.

Ananyamukadi, koma asanakwere boti analowa m'nyumba n'kuuza akazi awo. Pamenepo ndi pomwe ndinapusa. Kwathu ku Ntcheu nakonso maliro sabisa, ndiye sindinganamizire kusadziwa. Ofesi inali itandizoloweza kuti uthenga umapita komwe wautumiza n'kuima pomwepo. Akazi a a Laws anauza amayi a mumpingo, iwo n'kuimbira anzawo ku Mzuzu ndi ku Boma. Pomwe wina ankaganiza zoimbira ku Khondowe kwenikweniko n'kumva kuti mayiyo ali moyo, malole anali ali kale pamsewu.

Cha m'ma 11 koloko mphepo inayamba. Pofika 1 koloko mafunde anali akuswa pamchenga moti asodzi anakokera mabwato awo kumtunda. Ndinakwera pamwala ndi makina anga oonera patali, ndikudziuza kuti palibe wamisala angawoloke lero, abwera mawa ndi a Laws, ndimugwira padoko, nkhani itha.

Kenako ndinaona kadontho kakuda kakuchoka pa Kachirwa. Silinali boti la injini. Linali bwato losema, munthu mmodzi akupalasa.

Nkhope sindinaione, koma ndinadziwa kuti ndi Manasseh. Ndinathamangira kwa eni maboti, kuwachonderera, kuwatukwana, mpaka kutulutsa chiphaso chomwe sitiloledwa kuonetsa munthu. Wina anangondiyankha kuti, "Mama, ifenso tili ndi ana." Ndinabwerera pamwala paja. Bwato linkakwera funde, n'kusowa, n'kutulukanso. Ndinkawerenga. Linatuluka kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Kenako ndinadikira, ndi kudikira, maso akuwawa, ndipo panali madzi okhaokha.

Lachinayi m'mawa mphepo itachepa, a Laws anafika akukoka bwato lija kumbuyo kwa boti lawo. Manasseh anali atadzimangirira dzanja ku bwatolo ndi chingwe cha ukonde, n'chifukwa chake nyanja sinamubise. Kafulashi kanali m'thumba la buluku, atakakulunga m'pepala la shuga. Ndinaimbira abwana.

"Wagwira ntchito, Diana," anatero. Ndinadula foni asanamalize.

Nditacheuka, ndinaona a Laws ataima ndi akazi awo, mayiyo akuwanong'oneza uku akundiloza. Anabwera pang'onopang'ono. Ndikanakonda akanandimenya mbama, koma analankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi.

"Ndinamugwira mkono, mama. Ndinamuuza kuti injini yanga singalimbane ndi mwera uwu, tidikire mawa. Anati amama sangalowe m'manda iye kulibe." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Bodza munatuma ine. Zoona mukanena nokha. Tiyeni."

Thupi tinalisiya kwa apolisi, n'kukwera galimoto yopita ku Khondowe. Msewu uja ndi makhota okhaokha, miyala pansi, phompho pambali. Ine ndinkapanga mawu m'mutu n'kuwaphwanyanso, ndipo pa khota lililonse ndinkalakalaka galimoto itawonongeka.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Pakhomo panali anthu oposa zana. Omwe anachokera kutali anali atagona pompo, ndipo tsopano ankalongedza, ena akuseka mwamanyazi. Amayi a mabulauzi oyera ankagawana ufa ndi nkhuni zomwe anabwera nazo. Abambo anayi ankamasula zingwe za tenti, ena akunyamula mabenchi kubwezera ku tchalitchi.

A NyaKalua anakhala pampando pakhonde, kamunthu kochepa, ka magalasi, kapu ya tiyi ili m'manja. Anatilonjera m'Chichewa chawo cha m'kalasi.

"A Laws, nanunso mwabwera kudzandiika? Pepani chomene, mwavutika ulendo. Sindinafe." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ndawaona onse. A ku Mzuzu, a ku Boma, ngakhale ena omwe sitilankhulana zaka makumi awiri. Mwana wanga yekha ndiye sanabwere. Miyezi iwiri osaimba foni, ndinkati ndi ntchito. Koma maliro a amake? Anthu onsewa amva, iye yekha osamva? A Laws, inu ndinu mnzake. Ndinamulakwira chiyani Manasseh?"

A Laws anandicheukira. Anangosuntha pambali kuti mayiyo andione.

Ndinagwada pa simenti. Ndafunsapo anthu oopsa maso ndi maso osaphethira, koma apa ndinachita mantha. Ndipo ndinadzida.

"Anamva, amama. Atangomva ananyamuka, mwera uli pakati, aliyense akumuletsa. Ankabwera kwa inu. Bwato linagubuduzika dzulo masana, ndipo thupi lapezeka lero m'mawa." Ndinakweza maso kuwayang'ana. "Uthenga wa maliro anu ndinapeka ndine, kuti atuluke komwe anabisala."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, monga ankayang'anira ana a sukulu. Sanandifunse chifukwa. Anaika kapu pansi mosamala kuti tiyi asatayike, n'kugwira chipilala cha khonde, n'kuimirira.

"A Gondwe," anaitana mmodzi wa abambo aja, mawu osakwera. "Lisiyeni tentilo. Auzeni anthu asapite."

A Gondwe anaima chingwe chili m'manja, akuyang'ana mayiyo, akuyang'ana ine. Kenako anawerama n'kuyamba kuchimanganso pa chikhomo.