Zala Zitatu za a Qiu

Phala la mpunga linali litayamba kuzizira patebulo pamene a Qiu Shouren anakokera katsamiro kawo kofiira pafupi ndi akazi awo.

"Dzanja, mayi."

A Guixiang anagoneka mkono pakatsamiropo monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka makumi anayi. A Qiu anaika zala zitatu pamtsempha, natsinzina. Sanamve kanthu. Chiyambire nyengo yozizira nsonga za zala zawo zinali zitachita dzanzi. Sing'anga amene tauni yonse inkamutama kuti amamva chiwindi, mapapo ndi impso pongogwira mkono tsopano ankangoyerekeza. Odwala ankawaona lilime ndi nkhope, kwinako n'kumangoganizira. Sanauze munthu. Akanayambira pati?

"Muli bwino. Kamphepo chabe m'mimba. Ndiwonjezera jinja."

"Madala inu, bodza silikukhalani," anatero a Guixiang. "Mwagwira pachibangili. Dzulonso munagwira pomwepo."

A Qiu anatsegula maso. Zoonadi, zala ziwiri zinali pamwala wobiriwira wa chibangilicho. Mkono unali utaonda moti chibangili chinkatsetsereka chokha.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku lija munanyamula mphika wa mankhwala pamoto osakuwa. Miyezi itatu ndamwa jinja wanuyo kuti musachite manyazi. Koma phalali silikutsikanso, bambo. Ndikuopa."

Kutsidya kwa mlatho kunali Meng Xiuyun, amene anaphunzira ntchito kwa a Qiu nachoka atakangana. Mlandu wake unali wotumiza odwala ena kuchipatala chachikulu kukajambulitsa. A Qiu anamunyoza tauni yonse kuti zala zake n'zamtengo, zosamva mtsempha. M'mawa umenewo anavala jekete, nagwira akazi awo pamkono, ulendo wa kwa Meng.

"A Qiu, mwasochera kodi?" anakuwa mnzawo wina pakhomo la nyumba ya tiyi. "Kumeneko n'kwa zala zamtengo!"

A Qiu sanacheuke n'komwe.

Xiuyun atawaona anaimirira mofulumira. "Aphunzitsi! Mayi! Lowani."

Anachita ndendende monga anaphunzitsidwira. Anaona lilime, nafunsa za tulo, za chakudya, za kuchimbudzi. Kenako anati, "Nanga mtima ukudandaula chiyani, mayi?"

A Guixiang analoza amuna awo ndi chibwano. "Awa."

Xiuyun anagwira mkono wamanja nthawi yaitali, kenako wamanzere. Anawagoneka pabedi n'kuwasindikiza pansi pa nthiti. A Qiu ankayang'ana nkhope yake, ndipo nkhope ankadziwabe kuiwerenga. Mtima wawo unasweka asanamve mawu.

"Nkhawa yafooketsa m'mimba, zimenezo zitsamba zithandiza," anatero Xiuyun. "Koma pali chotupa cholimba apa. Lero lomwe mupite akakujambuleni." Anatsitsa mawu. "Aphunzitsi, mtsempha uwu sunayambe dzulo kulira chonchi. Inu simunaumve?"

"Ndine ndinkakana kupimidwa, mwanawe," a Guixiang analowerera. "Ukundidziwa makani anga."

"Ayi, mayi, zakwana." A Qiu anatembenukira kwa wophunzira wawo. "Zala zanga zinafa, Xiuyun. Ndinabisa. Ndinasamala dzina langa, mkazi wanga akutha ndikuona."

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa katsamiro kofiira kaja, kothetheka pakati chifukwa cha mikono ya anthu. Anakaika patebulo la Xiuyun.

"Amene ndawapima chiyambire kuzizira ndiwatumiza kuno. Uwaonenso onse."

Xiuyun anakalandira ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe.

M'basi yopita kuchipatala a Qiu anapezeka atagwiranso mkono wa akazi awo ndi zala zitatu, mwachizolowezi. A Guixiang anakankhira chibangili m'mwamba kuti awapatse malo.

"Mukumva kanthu?"

"Ayi."

"Gwiranibe," anatero a Guixiang. "Ine ndikumva."