Mawu a Mayi Ursula Anafika Kutali

Ruqaya atangotulutsa kachipangizo kojambulira mawu m'chikwama, mayi Ursula anasiya kuchapa n'kumuyang'ana.

"Kabwezereni momwemo kameneko, anesi. Ndinu wachinayi."

"Wachinayi pa chiyani, mayi?"

"Pa ofuna kumva m'mene ndinalirira amuna anga. Wina anabwera ndi mzungu, wina ndi kamera. Misozi ya ku Chilobwe kuno ikoma ngati uchi eti?"

Ruqaya anakhala pa khonde, manyazi atamugwira. Iye anali namwino. Zaka zitatu zapitazo, pochita digiri yake yachiwiri, anacheza ndi mabanja makumi atatu amene anadwazika abale awo pakhomo mpaka kumwalira. Amene anamuuza zambiri anali mayi Ursula omwewa. Amuna awo, bambo Laurenti, anadwala khansa ya pakhosi. Kuchipatala anangoti, "Pitani muzikamwa mankhwala." Panalibe anawauza kuti matendawo sachira. Mayi Ursula anakhala akuwakakamiza phala mpaka tsiku lomaliza, uku akuwakalipira kuti akuchita ulesi kumeza.

Zimene Ruqaya analemba zinatchuka. Dokotala Chrispin, amene ankamuyang'anira ku koleji, ankaona pa kompyuta m'mawa uliwonse kuti akatswiri angati atchula kafukufukuyo m'zolemba zawo. Anali atakwana 112. Tsopano ankafuna pepala lachiwiri la kafukufuku, lonena za moyo wa amasiye aja lero.

"Mayi, mawu anu anafika kutali," anatero Ruqaya. "Akuwawerenga ku Kenya, ku Canada, ngakhale ku India."

"M'chilankhulo chanji?"

"M'Chingerezi."

Mayi Ursula anaseka, koma kuseka kwawo kunalibe mano.

"Ndiye anakwera ndege mawu angawo, ine mwini wake ngakhale ku Chileka sindinapondeko. Nanga kuchipatala chathu chapansipa anafika? Fodya ndi amene ali pamphuno, anesi, wapachala ndi wamphepo."

Ruqaya asanayankhe, m'nyumba munamveka kubuula.

"Ndani ameneyo?"

"Mng'ono wanga Madalo. Khansa ya khomo la chiberekero. Anamutulutsa m'chipatala sabata yatha." Mayi Ursula anafinya nsalu mwamphamvu. "Mukufuna kumva zimene atiuza? 'Pitani muzikamwa mankhwala.' Mawu ake omwe aja."

Ruqaya anakwiya. Pa tsamba lomaliza la pepala lake analemba momveka kuti achibale aziuzidwa zoona wodwala asanatulutsidwe. Akatswiri 112 anavomera. Koma pano, makilomita ochepa chabe kuchokera pa desiki pamene analembera, panalibe chimene chinasintha.

Anavula nsapato n'kulowa. Madalo anagona pa matiresi, atawonda, milomo itang'ambika. Pambali pake panali kapu ya thobwa yosakhudzidwa. Ruqaya anawerenga kabuku kakuchipatala tsamba ndi tsamba, anamugwira pamimba mosamala, kenaka anaitanira mayi Ursula kuseri kwa nyumba.

"Mukufuna ndikuuzeni zimene ndaona?"

"Nenani. Ndatopa ndi kubisidwa."

"Sachira. Mwina masabata awiri, mwina atatu. Musamukakamize kudya. Muzimunyowetsa milomo ndi kansalu koyera, muzimutembenuza pafupipafupi asachite zilonda. Mawa ndipita nanu kukapempha mofini wakumwa, ululuwu ukhoza kuchepa. Ngati ali ndi ana kutali, aitaneni lero."

Mayi Ursula anatsamira khoma. Sanalire.

"Ana ali kwathu ku Nsanje," anatero. "Mkazi wa a Haruna, aneba anga, ali ndi nambala yawo. Ndipo ndikauze a katekisiti, bambo mfumu abwere adzamudzoze iye akadali kuyankhula." Anapukuta manja pa chitenje. "Laurenti ndikanamuchitira zimenezi."

Ruqaya ali mu minibasi yobwerera ku tauni, foni inalira. Anali Dokotala Chrispin.

"Ruqaya, wajambula angati lero?"

"Palibe, adokotala."

"Palibe? Tsiku lonse? Pepalali likufunika mwezi wamawa!"

"Ndikufuna ndiyambe ndalemba loyamba lija m'Chichewa. Masamba awiri okha. Ndikalipereke kwa anamwino a m'mawodi ndi m'zipatala za m'makomboni, ndikakhale nawo pansi."

"Zimenezo palibe amaziwerengera. Siziwoneka pa dzina lako, sizikukweza paliponse. Ukufuna digiri ya udokotala kapena ukufuna kugawa timapepala?"

"Mwa anthu 112 aja, ndi angati amagwira ntchito mu Blantyre muno?"

Kondakitala anali akukuwa kuti otsika pa siteji anene msanga.

"Tikambirana Lolemba," anatero Dokotala Chrispin, n'kudula.

Lolembalo Ruqaya sanapite ku koleji. Anali pa mzere wa pawindo la mankhwala ndi mayi Ursula, kachiwiri, chifukwa ulendo woyamba anawabweza kuti wosayinira mofini sanabwere.