Khomo Loyang'ana Mwera

A Gervásio anali atakhoma kale zikhomo zonse pamene njinga yamoto ya a Hermínio inatulukira pamsewu wa ku Kalomwe. Chingwe chinali chitakokedwa, ngodya zitaima bwino, ndipo amuna awiri okumba maziko anali atatsamira mapiki awo kudikira mawu. Mwera wa mwezi wa Juni unkawomba osapuma, ukukupiza pepala la pulanta, mapulani a nyumbayo, limene analipsinja ndi njerwa.

Ntchito imeneyi a Gervásio ankaifuna ndi mtima wonse. Anamangapo ku Beira, ku Chimoio, ku Lilongwe, mpaka ku Joni, koma kwawo kuno ankangopatsidwa tinyumba ta zipinda ziwiri m'midzi. Iyi inali nyumba ya a Hermínio, ya zipinda zisanu, m'mbali mwa msewu wa phula, pamene lole iliyonse yopita kumalire ikanaiona n'kufunsa dzina la mmisiri.

A Hermínio, wogula kachewere wotchuka dera lonselo, anadumpha njinga isanazime n'komwe. Pambuyo pawo panatsika akazi awo, a Vanda, atadzikulunga nsalu ziwiri.

"Mesitire!" a Hermínio anakuwira mmisiriyo. "Mwamwa chiyani m'mawa uno? Khomo langa lili kuti?"

"Lili uko, patarau, kumpoto," a Gervásio anayankha bwana wawoyo.

"Kuyang'ana khola la nkhumba la apongozi anga? Pulanta ikuti khomo liyang'ane msewu!"

"Pulanta inajambulidwa ku Tete, kumene anthu amagona pabwalo kuthawa kutentha. Wojambulayo mwera wa kuno sakuudziwa."

"Chitseko cha magalasi ndagula ku Lilongwe, ndachiolotsa pamalire a Kalomwe ngati mkwatibwi. Mukufuna chizionedwa ndi nkhumba?"

Okumba aja anaseka, kenako anatsokomola dala ataona nkhope ya a Hermínio.

A Gervásio anadziguguda pachifuwa. "Manja awa amanga m'maiko atatu. Ku Beira ndinalimbana ndi mchere wa m'nyanja, ku Joni ndi mabwana osadziwa kuthokoza. Pitani mukafunse ngati pali khoma langa limene linang'aluka! Koma khomo loyang'ana mwera sindinaikepo, ndipo sindiyambira pa inu."

Anatulutsa bokosi la machesi m'thumba. "Imani pamene mukufuna khomopo. Yatsani."

A Hermínio analanda bokosilo mwaukali. Anakhwatcha koyamba, moto unazima usanaoneke. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anaphimba ndi chikhatho, anawerama, anafulatira msewu, koma mwera unawazungulira n'kuuzimitsabe. Chipewa chawo chinauluka n'kukagwera mumchenga.

"Ndi machesi oipa awa," anatero akuthamangira chipewa.

"Machesi ndi abwino, patarau. Ndi khomo lanu."

A Gervásio sankangouma mutu chabe ayi. Ali ndi zaka khumi, nkhondo inawathamangitsira ku Dedza. Bambo awo anamanga msasa mothamanga, khomo likuyang'ana kumene anachokera, kuti aziona njira yobwerera kwawo. Kumeneko n'kumene kunkachokeranso mphepo. Chisanu cha chaka chimenecho chinalowa m'chifuwa cha mlongo wawo wamng'ono, Celina, ndipo pobwerera nkhondo itatha anamusiya m'manda a eni ake. Pamene ankaphunzira kugwira njerwa kwa amisiri a ku mishoni ya Fonte Boa, funso lawo loyamba pamalo alionse linali limodzi: mphepo imachokera kuti? Nkhani ya Celina sankaiuza munthu. Lero sanaitchulenso.

A Hermínio anabwerera akukuntha chipewa pabondo, maso atafiira. "Tamverani, mesitire. Nyumba ndi yanga. A Ezequiel, mmisiri wa ku Domwe, akhoza kufika mawa lomwe, ndipo iwo sayankha. Muika khomo kumsewu kapena ayi?"

A Gervásio anayang'ana msewu. Malole awiri anadutsa, odzaza matumba, oyendetsa akusuzumira pamalopo. Anayang'ana okumba aja, amene anali atasiya minda yawo chifukwa cha ntchito imeneyi. Anapita uku, anabwerera, anakanda m'mutu. Kenako anawerama, anamasula chingwe pachikhomo choyamba, n'kuyamba kuchikulunga pamkono.

"Itanani a Ezequiel. Muwauze kuti ngodya ndawasiyira zabwino."

"Chingwecho musachotse, mesitire."

Anali a Vanda. Anali ataima pamene amuna awo anayatsira machesi paja, nsalu zikuwamenya m'miyendo, milomo itatuwa.

"Iwe Vanda, izi ndi za amuna."

"Za amuna? Inu mumalawira kukagula kachewere n'kubwera dzuwa litalowa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, abambo. Wotsekula chitseko chimenechi m'mawa uliwonse ndine. Wosesa fumbi ndine. Ndipo amayi, amene tikuti adzagona chipinda chakutsogolo, chifuwa chawo mumachimva nokha."

"Koma anthu apamsewu..."

"Anthu apamsewu adzabwera kudzawotha amayi? Malo ano ndi a amayiwo, anakupatsani kuti mumange nyumba, osati sitolo. Mkamwini asamakule mwendo."

Mmodzi wa okumba aja anatembenuka, mapewa akugwedezeka. A Hermínio anayang'ana bokosi la machesi limene linali likadali m'manja mwawo.

A Gervásio sanafune kuti mwamuna mnzawo achite manyazi pamaso pa antchito. "Patarau, kumsewuko ndikuikirani zenera limene silinaonekepo kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Dedza. Lalikulu, losatsekuka, lomatidwa bwino. Ku Joni ndinaika lotero kwa mwini migodi. Oyendetsa malole aziima kuti adzionere nkhope."

"Lalikulu bwanji?"

A Gervásio anatambasula manja mpaka malaya anang'ambika kukhwapa.

A Hermínio anawaponyera machesi aja. "Onjezanipo dzanja limodzi. Ndipo nkhumba zija wina azisamutse."

"Muwauze nokha amayi," anatero a Vanda.

A Gervásio anamangiriranso chingwe pachikhomo. Anapita kumpoto kuja, anafulatira mphepo, anajambula m'lifupi mwa khomo ndi chidendene, n'kukodola okumba aja.

"Yambirani apa."